Uthenga wa maliro wayamba kufika mthenga akadali panjira



Mwezi wathawu tidakagona pa maliro a mnyamata wina amene adafa pa ngozi ya mota akucokera kumsika. Sitichula dzina lake kapena mudzi wake, pakuti eni maliro akadali m'misozi. Catikhazika pansi kuti tilembe ndi njira imene mai ake adamvera za imfayo. Ngozi idacitika dzuwa litapendeka. Anthu adathamangira pamalopo, ndipo asanapeze ngakhale citenje cofunditsa mtembo, ena adali atatulutsa kale mafoni. Ola limodzi lisanathe, cithunzi cidali pa estado ya WhatsApp, pansi pake atalembapo mau a Cipwitikizi aja tidawazolowera, "Paz à sua alma", pamodzi ndi tinkhope tacikasu togwetsa misozi. Mai a mnyamatayo alibe foni, ndipo kuwerenga sadziwa. Adali kudimba akupalira kacewere. Mdzukulu wao wa zaka 12, amene adabwereka foni ya mnzake kuti amverepo nyimbo, ndiye adathamangira kudimbako, nawaonetsa cithunzico, nafunsa kuti, "Agogo, amene agona pamsewuwa si atsibweni?"

Pa nthawi yomweyo akuluakulu awiri amene adatumidwa ndi banja adali panjira, akuyenda wapansi, akugwirizana mau oti akayambire. Adafika n'kupeza maiwo atakomoka pakati pa mizere, mwana uja ali ciimire ndi foni m'manja, osadziwa coti n'kucita.

Mwanayo sitimuimba mlandu. Adaona cinthu coopsa nathamangira kwa wamkulu, monga tidamphunzitsira. Mlandu uli pa ife akuluakulu amene tidalandira cida catsopano m'mudzi osakhala pansi n'kupangana kuti ticigwira bwanji pa tsiku la zovuta.

Makolo athu adali ndi dongosolo pa nkhani ya imfa. Munthu akatsirizika, odwazika matenda sankafuula pomwepo. Ankayamba atuma munthu kwa mwini mbumba. Mwini mbumba ankatuma kwa anyakwawa ndi kwa mfumu, ndipo ngati womwalirayo adali pabanja, ankhoswe ankanyamula uthenga kupita nao kucimuna kapena kucikazi. Mfumu ikamva, m'pamene kulira kunkamveka, adzukulu n'kuuzidwa, masamba n'kuikidwa pamsewu, ndipo kwa ife akhristu belu n'kuimbidwa. Wotumidwa sankakhala mwana. Ankasankha munthu wamkulu wodziwa kusunga nkhope, ndipo kawirikawiri ankapita awiri. Akafika pakhomo ankalandira mpando, kulonjerana, kufunsana za moyo, kwinaku maso akuyang'ana ngati pafupi pali amai ena oti agwire wofedwayo akagwa. Kwa mai woyembekezera, kwa nkhalamba kapena kwa wodwala, ankangonena kuti, "Matenda akula, tiyeni mukaone." Munthu wamkulu aliyense ankadziwa kumene mauwo akuloza, koma mtunda wocokera pakhomo pake kukafika pasiwa unkapatsa mtima nthawi yokonzeka. Ana a kalasi la Ulimbitso amatifunsa nthawi zina ngati mau amenewa sadali bodza. Timawayankha kuti mau amene wonena ndi womva onse awiri akudziwa tanthauzo lake sanamiza munthu. Ankangomtsegulira citseko pang'onopang'ono.

Tisanamizane kuti kale zonse zidali bwino. Ambiri a ife amene tili m'zaka za m'ma 40 tidakulira kutsidya, ku Dedza ndi ku Ntcheu, pothawa nkhondo imene idatha ndi pangano losainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. M'zaka zimenezo uthenga wa imfa unkayenda miyezi, mwinanso zaka. Alipo pakati pathu amene adamva kuti bambo ao adamwalira atabwerera kale kumudzi, n'kukaonetsedwa manda omera udzu. Ngakhale mtendere utabwera, mwana wa ku Beira kapena ku Johannesburg ankamva pa kalata kapena pa wailesi, maliro ataikidwa kale, n'kubwera kudzangoona mtanda. Kuyambira 2012, pamene Movitel idayamba kuimika milongoti yake kumidzi imene maukonde ankasowa, ndi 2013 pamene M-Pesa idafika m'dziko muno, zinthu zidasintha, ndipo ambiri a ife tidapumira m'mwamba. Lero mwana wa ku Moatize amamva usiku, m'mawa n'kukwera chapa, madzulo ali pasiwa. Wa ku South Africa amene sangathe kubwera amatumiza ya bokosi ndi ya ufa tsiku lomwelo. Amene anganene kuti titaye mafoni sadakhalepo ndi mtembo m'nyumba, ndalama palibe, abale onse ali kutali. Ife sitili m'gulu limenelo.

Cimene cidaonongeka ndi ndondomeko ya amene ayenera kumva poyamba, ndi amene ayenera kumuuza. M'midzi yathu foni yokhala ndi WhatsApp ili m'manja mwa acinyamata. Ndiwo amadziwa kugula mamega, ndiwo amapita nayo kukaitsa moto kwa mwini sola, ndiwo amawerenga Cipwitikizi. Agogo, mwini mbumba, ngakhale mfumu imene, kawirikawiri ali ndi kafoni ka mabatani kapena alibiretu. Motero uthenga umene unkatsika kucokera kwa akulu kupita kwa ana, lero ukukwera kucokera kwa ana kupita kwa akulu, ndipo ukukwera wopanda mpando, wopanda malonje, wopanda mai wina pafupi. Ikakhala audiyo, mwana amaitsegula pakati pa bwalo osadziwa zili m'kati mwake, ndipo onse amene ali pakhomopo, wodwala ndi woyembekezera yemwe, amamva limodzi. Mwana amene wasanduka mthenga wa imfa ya atsibweni ake tamsenzetsa katundu amene ngakhale akulu amagawana awiri.

Malembo Oyera akudziwa za amithenga othamanga. Pa mutu 4 wa buku loyamba la Samuele timawerenga za munthu wa fuko la Benjamini amene adathawa kunkhondo nathamangira ku Silo. Adayamba kuuza anthu a mumzinda, mzinda wonse n'kuyamba kulira, ndipo Eli, nkhalamba ya zaka 98 yosaona, adamva phokosolo asanamve nkhani yake. Mthenga atafika kwa iye adakhuthula zonse nthawi imodzi: kugonja kwa ankhondo, imfa ya ana ake awiri Hofeni ndi Finehasi, ndi kulandidwa kwa Bokosi la Cipangano. Pomva za Bokosilo Eli adagwa cagada pampando wake, nathyoka khosi, nafa. Mpongozi wake amene adali ndi pakati atamva, matenda adamuyamba pomwepo, nabereka, namwalira. Mthengayo sadaname m'mau ngakhale amodzi. Ndiponso pa mutu 18 wa buku laciwiri la Samuele, Yowabu adakaniza Ahimaazi kuti asanyamule uthenga wa imfa ya Abisalomu, natuma munthu wina. Ahimaazi adaumirira, nadzera njira ina, nampitirira mnzakeyo, nafika woyamba pamaso pa Davide. Koma mfumu itamfunsa za mwana wake, iye adangonena za cipwirikiti cimene adaona, osatha kuchula cimene adathamangira. Kuthamanga sikufika, amatero akuluakulu.

Tikadzifunsa moona mtima cimene cimatithamangitsa, tipeza kuti si cisoni cokha. Muli kakukoma kena m'kukhala woyamba kunena. Amene waika cithunzi poyamba ndiye amafunsidwa ndi onse: "Wafa ndani? Zacitika bwanji? Mudalipo?" Kwa ola limodzi amasanduka mwini nkhani, ndipo foni yake siileka kulira. Tonsefe tidaonapo mmene gulu la WhatsApp limakhalira pa tsiku lotere. Anthu makumi atatu amalemba mau amodzimodzi okopera kwa mnzao. Wina amaika "Amen" asanawerenge. Wina amapepesa kenaka n'kufunsa kuti kodi wamwalira ndani. Pakati pa zipepesozo wina amalowetsapo kuti akugulitsa feteleza kapena anapiye, ndipo wina amakwiya kuti uje wawerenga koma sadayankhe. Zina mwa izi n'zoseketsa, ndipo ifenso tidasekapo. Koma taganizani za mlongo wa malemuyo amene ali m'gulu lomwelo, ali yekha m'cipinda ca lendi ku Tete, wangotsegula foni kuti aone nthawi.

Tikadzudzula, yankho limene timalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Koma n'zoona, a katekista, ine sindidaname." Apa tiyenera kucedwapo pang'ono, cifukwa ambiri timaganiza kuti lamulo lacisanu ndi citatu limangoletsa bodza. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2488 ndi 2489, amaphunzitsa kuti ufulu wouza ena coona uli ndi malire, ndipo cikondi pa mnzathu ndico ciyenera kutiuza ngati tinene kapena tikhale cete. Nkhani ingakhale yoona koma yosakhala yathu. Imfa ya munthu ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi ufulu woimva m'njira yosawapha naonso, ndi woilengeza okha pa nthawi imene akonzeka. Woona ngozi pamsewu ndi mboni, ndipo nchito ya mboni ndi kuthandiza wovulala, kufunditsa womwalira, kuitana apolisi ndi kufunafuna wamkulu wa kubanjako. Kulengeza maliro a eni sikudapatsidwe kwa iye.

Za zithunzi za mitembo sitingapite m'mbali. Katekisimu yemweyo pa ndime 2300 amatikumbutsa kuti matupi a akufa ayenera kulemekezedwa, ndipo kuika maliro ndi imodzi mwa nchito zacifundo. Mwambo wathu umanenanso zomwezo: mtembo amausambitsa ndi anthu osankhidwa, m'nyumba, citseko cotseka, ndipo nkhope amaionetsa pa nthawi yake, anthu akudutsa mwaulemu. Tsono zidatheka bwanji kuti munthu amene sitingamlole kulowa m'nyumba yosambitsira aziona thupi lomwelo lili ndi magazi, zovala zitang'ambika, ali pa baraka akumwa? Ena amati estado imafufutika yokha pakatha maola 24. N'zoona, koma amene waiona akhoza kuijambula n'kuisunga, ndipo cithunzico cimakhala m'mafoni a anthu osawadziwa zaka ndi zaka. Ana a malemuyo adzakula, adzagwira foni, ndipo tsiku lina wina adzawaonetsa. Pamandanso tayamba kuona acinyamata akukankhana ndi adzukulu kuti apeze poima pabwino pojambula bokosi likutsika. Ngati banja lafuna cithunzi cotumiza kwa mwana amene ali kunja, lisankhe munthu mmodzi, ajambule zimene banjalo lamuuza, atumize kwa amene banjalo lamuuza.

Coopsa kwambiri cimabwera pambuyo pa cithunzi, pamene anthu ayamba kufotokoza cimene capha munthu. Tikumbuke za ku Chitima, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Mu Janeiro 2015 anthu 75 adamwalira atamwa pombe pa maliro. Mbiri idawanda m'dziko lonse ndi kunja komwe kuti wina adathira ndulu ya ng'ona m'mowamo, ndipo anthu ambiri adakhulupirira. Patapita miyezi, akatswiri atapima bwinobwino, adapeza kuti poizoniyo adacokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tidamera mu ufa wa cimanga woonongeka umene adafululira mowawo. Padalibe wothira. Mai amene adafulula mowawo naye adali mmodzi wa omwalira. Nthawi imeneyo mafoni a WhatsApp adali ocepa kumidzi. Zitacitika lero, audiyo yochula dzina la munthu woganiziridwa ikadazungulira maboma onse usiku umodzi, ndipo nyumba yake sikadafika m'mawa. Kwathu kuno tikudziwa amene amalozedwa cala mwana akamwalira mwadzidzidzi: ndi agogo osauka okhala okha kumapeto kwa mudzi. Kale wonena za ufiti ankanena pamaso pa anthu, ndipo mfumu inkatha kumuitana kuti afotokoze. Audiyo ilibe nkhope. Imayamba ndi mau akuti "akuti", ndipo ukafunsa kuti akutero ndani, aliyense amati naye adangolandira. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Eni ake a WhatsApp adaliona vutoli. Mu 2018, ku India anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu cifukwa ca mauthenga abodza onena za akuba ana, ndipo kampaniyo idacepetsa ciwerengero ca malo amene munthu angatumizeko uthenga umodzi nthawi imodzi. Mu 2019 malire a malo asanu adafika padziko lonse, ndipo mu 2020 adalamula kuti uthenga umene wadutsa kale m'manja ambiri, uja umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake, uzitumizidwa kumalo amodzi okha pa nthawi. Zimenezi n'zothandiza, koma tisadalire. Gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu 1024, ndipo magulu asanu odzaza ndi anthu oposa 5000. Mudzi wathu wonse sufika pamenepo. Mpanda umene adamangira maiko akuluakulu sungaletse nkhani kuzungulira parokiya imodzi mpunga usanapse.

Ticitenso manyazi ndi imfa zimene tidalengeza eni ake ali moyo. Caka catha bambo wina wa mphakati woyandikana nafe adagonekedwa kucipatala ali cikomokere. Wina adamva kuti "zavuta", nalemba kuti atisiya. Amai adayamba kusonkhana pakhomo, ena atanyamula kale nkhuni ndi ufa, mwana wa kutali atakongola ndalama ya ulendo. Bambowo adatsitsimuka, ndipo lero akulima. Iwo amaseka akamakamba, amati adaona okha amene amawakonda. Akazi ao saseka.

Pali ndi nkhani ya cipepeso. Kusonkha pa M-Pesa kapena pa e-Mola kwapulumutsa mabanja ambiri, koma kwabweretsa zizolowezi ziwiri zoipa. Coyamba ndi mndandanda wa maina ndi ndalama umene amauika m'gulu n'kumauonjezera ola lililonse: uje 500, uje 200, uje 20. Pasiwa amalengezanso zipepeso, n'zoona, koma amalengeza kamodzi, mau n'kupita ndi mphepo. Mndandanda wa pa foni umakhalapo, ndipo mai wamasiye amene wapereka mametikali 20 amaona dzina lake pansi pa onse tsiku lonse. Ena aleka kupereka kumene poopa manyazi. Caciwiri ndi akuba. Maliro akangolengezedwa pagulu, nambala yacilendo imayamba kutumiza uthenga kwa abale kuti ndalama atumize pa nambala iyi cifukwa ija yavuta. Munthu amene ali ndi cisoni saganiza kawiri. Banja lichule nambala imodzi, ya munthu wodziwika, ndipo wotumiza ayambe waimba ndi kumva liu lake, kenaka aone dzina limene likutuluka asanatsimikize.

Zimene tikupempha m'miphakati yathu si zacilendo. Ndi mwambo womwe uja, tangouonjezera foni. Amene waona kapena wamva za imfa asalembe pa estado, pa Facebook kapena m'gulu lililonse kufikira mwini mbumba atanena kuti onse oyenera kumva amva. Ngati ali ndi nambala ya wamkulu wa kubanjako, amuimbire, ndipo ayambe wafunsa kuti ali kuti ndiponso ali ndi yani. Oyang'anira magulu a WhatsApp, a mpingo, a kwaya, a acinyamata, a alimi, ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina ndi yotseka gulu kuti alembe okha. Aigwiritse nchito pa tsiku lotere osaopa kuti wina akwiya. Makolo tiwauze ana athu kuti akaona cinthu cotere pa foni asathamangire kwa mwini nkhani, koma apite kwa munthu wamkulu wina woyandikana naye. Ndipo ife akatekista ndi atsogoleri a miphakati tiyambe ndife, cifukwa kangapo konse uthenga wofulumira udacokera m'gulu la chalichi, m'dzina lopempha mapemphero.

Tikudziwa kuti pali funso limene malangizowa sayankha mokwanira. Nanga mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Maputo, kumene sitingatume akuluakulu awiri wapansi? Tikacedwa kumuuza pofuna kupeza njira yabwino, amva kwa ena m'njira yoipa. Tikafulumira, timuuza ali pamwamba pa nyumba akukhoma malata, kapena akuyendetsa galimoto. Mabanja ena apeza nzeru iyi: mwana akamacoka pamudzi, amasiya nambala ya mnzake wokhulupirika wa komwe akupitako, kaya wa kwathu konkuno kaya wa mpingo umene azikapemphera, kuti pa tsiku la zovuta ayambe kuimbira ameneyo, iye n'kupita kukakhala naye pansi foni ya kumudzi isanalire. Si onse ali ndi mnzao wotere, ndipo ena mwa ana athu amasintha nambala osatiuza. Komabe banja lililonse limene lili ndi mwana kunja likhoza kumfunsa sabata ino kuti, "Kutagwa kanthu kuno, tiyambe kuuza yani kumeneko?", n'kulemba yankholo m'kope, osati m'foni mokha, pakuti foni imatayika ndipo imatha moto.

Maliro a mnyamata uja atatha, mfumu ya m'mudzimo idaitanitsa amene adajambula. Adapezeka kuti ndi mnzake wa malemuyo, amene adaphunzira naye kuyambira kalasi loyamba. Adalira pabwalo, nanena kuti manja ake adangocita okha, ndipo adafuna kuti anthu abwere msanga. Mfumu idamlipitsa nkhuku, nimlamula kuti akapepese kwa mai aja pamodzi ndi atsibweni ake. Cithunzico adacifufuta pamaso pa anthu, koma atafunsa amene adali pabwalopo kuti ndani winanso ali naco, manja asanu ndi awiri adakwera. Nkhaniyi tidzaikambirana pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati mwezi wamawa, ndipo tapempha mafumu ndi anyakwawa, ngakhale amene si a mpingo wathu, kuti adzakhale nafe. Acinyamata oyang'anira magulu abwere ndi mafoni ao.